Kuswetsa mazira a chiswambiya pakhomo, ndi chifukwa chake filiji musaiyandikire

Chikwa choyamba ndinachipeza mwangozi, chitamatirira pa nsungwi ya mpanda kuseri kwa bafa. Kanthu kofiirira ngati tiyi wamkaka, kukula ngati nsonga ya chala chachikulu, ukakagwira kolimba koma kopepuka ngati siponji youma. Sindimadziwa kuti ndi chani, ndinangokasomola ndi mpeni nkukaponya mu dirowa momwe timasungamo makiyi ndi timabatire takutha, basi nkuiwala. Patapita mwina mwezi ndi theka mayi akunyumba akutsegula dirowa muja kufuna singano anangokuwa kuti tabwerani mudzaone zanu zija. Mkati monse muli tizilombo ngati udzudzu wopanda mapiko, tina tikuthamanga pa makiyi, tina tapindikapindika pansi tafa kale, ndipo kalikonse kamoyo katatukula timanja ngati kali mu mapemphero a usiku. Ana a chiswambiya. Ndinayesa kuwerenga ndinalekera pa 80 penapake. Tambiri tinafera momwemo ndipo wolakwa ndinali ine, nanga chikwa chija ndinachigoneka chafufumimba malo opanda mpweya opanda ndi dontho lomwe la madzi. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuswetsa zikwa pafupifupi chaka chilichonse, ndiye ndati ndilembe bwinobwino mmene zimayendera, chifukwa zambiri zomwe anthu amaonera pa YouTube ndi za ku America ndipo ukazitsatira zonse kuno umapha mazira ako wekha.

Dzina mukulidziwa, chiswambiya, ena amati chiswamphika. Ife tili ana agogo ankati ukachipha kapena kuchilowetsa mnyumba mbiya ya amako isweka, ndiye tinkachilambalala, chikhalirecho chilibe ululu uliwonse, chikakwiya chimangokukanda ndi timinga ta mmanja mwake mwina kukulumako pang'ono basi. Mitundu yake padziko lonse ndi yoposa 2,400 ndipo yambiri ili kumaiko otentha ngati kwathu kuno. Chomwe anthu amakana ndikawauza ndi choti abale ake apafupi ndi mphemvu ndi chiswe. Eya mphemvu. Ndipo umboni munauonapo kale, kaja kathumba konga nyemba kamene mphemvu yaikazi imayenda nako kumbuyo kenako nkukasiya kuseri kwa kabati, ndi chinthu chamtundu womwewo, akatswiri amati ootheca kaya ndi ka mphemvu kaya ka chiswambiya. Ine ndizingoti chikwa, ngakhale sichili ngati chikwa cha mbozi momwe mumagona kamodzi kokha kudikira kusanduka gulugufe. Muno muli mazira ambirimbiri atandandalikidwa mmizere.

Kapangidwe kake kali chonchi. Chachikazi chikadya bwino mimba nkufufuma, chimasankha nthambi, phesi la udzu, khoma, ngakhale felemu ya windo, nthawi zambiri chimazondoka mutu pansi nkuyamba kutulutsa timadzi kumbuyo kwinaku chikupukusa nsonga ya mimba ngati mayi akupukusa therere, mpaka timadzito tichite thovu. Mazira chimaikira mkati mwa thovulo mzere ndi mzere, lililonse m'kachipinda kake, ndipo thovu lija likamenyedwa ndi mpweya limauma nkulimba. Ndi puloteni si sopo, ndiye mvula siilisungunula. Kunjaku kuli thovu la timphakotimphako loteteza ku dzuwa ndi kuzizira, pakati mpomwe pali mazira. Tsopano mukachiyang'anitsitsa muona kamzere kotsika pamsana pake, kowalirako, kokhala ndi timamba tosanjikizana ngati zipi ya thalauza. Kamzere kameneko ndiye khomo. Ana onse adzatulukira pamenepo, kwina konseko ndi khoma, ndiye chilichonse chomwe mungachite ndi chikwa, kamzereko musakapake guluu, musakatsamiritse ku galasi, musakagonetse pansi ngati mmene ndinachitira ine mu dirowa muja.

Kuchuluka kwa ana kumatengera mtundu. Cha ku China chomwe amachigulitsa kwambiri ku America, Tenodera sinensis, chikwa chake ndi chobulungira ndipo mumatuluka ana 100 mpaka 200 osavuta. Zathu zikuluzikulu zobiriwira zija za gulu la Sphodromantis, zomwe zimabwera pa getsi la pakhonde, nazo chikwa chake ndi chonenepa ndipo ana amatha kuposa 100. Koma kali kena kofanana ndi tsamba louma, Phyllocrania paradoxa, komwe kamapezeka mbali zambiri za Africa, chikwa chake ndi chachitali chowonda chokhala ndi kamchira ngati ulusi, mumangotuluka makumi ochepa. Chachikazi chimodzi chimaikira zikwa zingapo pa moyo wake, ndipo chikakweredwa kamodzi umuna chimasunga nkumagwiritsa ntchito pa zikwa zotsatira. Vuto ndi loti ngakhale chomwe sichinakumanepo ndi champhongo chimaikirabe chikwa chooneka bwinobwino, ngati nkhuku yoikira popanda tambala. Ndiye ngati munasunga chiswambiya mu botolo kuyambira chili chaching'ono nkukuikirani chikwa, musayembekeze zambiri. Ilipo mitundu ingapo yomwe imatha kuswa popanda champhongo, koma ndi yowerengeka. Chikwa chotola kutchire mwayi wake umakhala waukulu.

Musanatole yambani mwaona ngati muli kanthu, chifukwa zikwa zakale zimakhala pa nthambi chaka chathunthu kapena kuposa ndipo chikwa choswa kale sichiphulika ngati dzira la nkhuku ayi, chimaoneka pafupifupi chimodzimodzi. Chakale chimakhala chotuwa, chofumbutuka mmbali, ndipo pakamzere paja pamatsalira tinyenyeswa ngati utuchi, timeneto ndi zikopa zomwe ana anavula potuluka. Mukaona timabowo tobulungira bwinobwino mmbali ngati wina amabaya ndi singano, pamenepo munapita timavu. Tilipo timavu tating'ono ta gulu la Podagrion tokhala ndi kamchira katali ngati tsitsi, timabaya chikwa nkuikira mazira ake mkati, ana ake nkumadya mazira a chiswambiya. Nthawi zina umasamala chikwa masabata asanu kudikira ziswambiya nkutuluka timavu tonyezimira, zinandichitikirapo kawiri, ndipo poti timavuto nthawi zambiri sitimaliza mazira onse, musataye chikwa msanga, ingotulutsani timavuto. Koma katsotsi kenikeni ndi kamavu kotchedwa Mantibaria, kamene akatswiri a ku Ulaya anakafufuza kwambiri. Kameneko kamatera pa chiswambiya chachikazi, nkuthothola mapiko ake omwe, nkumangoyenda nacho chokwera ngati wapakabaza wosalipira, tsiku lomwe chayamba kuikira kamatsikira mu thovu lisanaume nkuikiramo ake. Chinthu chimodzi musachite, kudula chikwa kuti muone mkati. Mukadula mwatsegulira chuku ndi kuuma.

Tsopano nkhani ya filiji, yomwe ndi chifukwa chenicheni chomwe ndalembera zonsezi. Pafupifupi kanema aliyense wa ku America amati ikani chikwa mu filiji. Iwo akunena zoona za kwawo. Kumeneko ziswambiya zimaikira cha mu Seputembala ndi Okutobala, chisanu chikafika zazikulu zonse zimafa, mazira okha ndi omwe amadutsa nyengo yozizira ali chigonere mu chikwa, nkudzaswa kukafunda cha mu Meyi kapena Juni. Ndiye munthu akalowetsa chikwa mnyumba yofunda mu Disembala mazira amaona ngati nyengo yasintha nkuswa pakati pa chisanu kopanda kachilombo kalikonse koti adye. Zimachitikadi, anthu amagula mtengo wa Khirisimasi uli ndi chikwa osadziwa, pakutha pa masabata angapo pabalaza pali ana mazanamazana. Filiji kwa iwo ndi bureki, imaimitsa mazira mpaka nthawi yabwino, ndipo akachitulutsa chimaswa pakatha masabata atatu mpaka asanu ndi atatu kutengera kutentha. Ndipo chikwa cha chiswambiya cha ku Ulaya, Mantis religiosa, osunga amachipatsa dala miyezi ingapo yozizira chifukwa mazira a kumeneko anazolowera kugona kaye asanakule.

Zathu sizinapangidwire zimenezo. Filiji imakhala cha pa madigiri 4, komanso imaumitsa zinthu, mwaona mmene tomato wodula amachitira makwinya mukamusiya osavindikira. Chikwa cha Sphodromantis kapena mtundu wina wa kotentha mukachiika mmenemo masabata angapo mazira amafa, inu nkumadikira miyezi itatu chinthu chakufa. Inde kwathu kumazizira mu Juni ndi Julayi, ku Dedza kapena ku Mzuzu mmawa mpaka mano kuguguda, koma masana dzuwa limatuluka chikwa nkufunda, si kuzizira kwa usana ndi usiku kosalekeza kwa mu filiji. Zomwe ndaona ine, zikwa za nthawi ya dzinja kukutentha zimaswa pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, koma china ndinachitola mu Meyi chinangokhala chete nyengo yonse yozizira nkudzaswa kutayamba kutentha mu Okutobala, ndinali nditatsala pang'ono kuchitaya. Ndiye lamulo langa ndi lophweka, chikwa chotola pakhomo panu chisungeni pa kutentha komwe chikanapeza panja pompo, pakhonde pamthunzi ndi pabwino kuposa chipinda chamkati. Chikatero chimaswa nthawi yomwe kunja kuli chakudya.

Potola, ngati chili pa nthambi kapena phesi dulani ndi nthambi yomwe, kusiya kotsalira mbali zonse ziwiri, ndipo musanadule onetsetsani mbali yomwe inali kumwamba, ine ndimalemba kachizindikiro ndi bolopeni. Ngati chili pa khoma kapena pa felemu, kunena zoona bola kuchisiya pompo nkumangochizonda mmawa uliwonse, koma ngati pakufunika kupenta kapena ana akuchitokosa, dikirani masiku angapo chiume bwino kenako lowetsani lezala pansi pake pang'onopang'ono. Pochipachika ena amabaya ndi singano ya ulusi mmphepete mwenimweni mwa thovu kumwamba komwe kulibe mazira, ena amadonthezera kaguluu pang'ono kumbuyo komwe kunali nthambi nkuchimata pa kamtengo, guluuyo aume kaye kunja kwa botolo fungo lithe. Seloteipi ayi ndithu. Tiana tikangoiponda timakanirira pompo nkufa, ndipo simungatichotse osatithyola miyendo.

Chofunika kwambiri ndi mpata wa pansi pa chikwa. Kamzere kaja kayang'ane kunja kapena chotsikirako, ndipo pansi pake pakhale malo opanda chotchinga mwina masentimita 10, mumva chifukwa chake posachedwapa. Chosungiramo chikhale chachikulu kuposa mmene mukuganizira, chibotolo cha pulasitiki chomwe mumabwera maswiti a mu golosale, kapena ndowa yoonekera ya malita asanu, chifukwa ana 150 mu kabotolo ka jamu ndi minibasi ya madzulo, amapondana nkuyamba kudyana msanga. Mkatimo ikani tinthambi touma ndi udzu woti adzakwerepo, pansi yalani tishu. Pamwamba musatseke ndi chivindikiro, mangani kansalu kopyapyala ndi labala, sokosi ya nayiloni yakale imagwira bwino ntchito chifukwa mpweya umadutsa koma tiana ndi chakudya chake situluka.

Apa mvetserani abale, chifukwa ichi Amereka sangakuuzeni. Musadule neti ya udzudzu kupanga chivindikiro. Maneti omwe timalandira kuchipatala aja anawanyika mankhwala opha tizilombo omwe amakhala mu ulusi zaka, ngakhale mutachapa kangapo, ndipo tiana ta chiswambiya timakonda kukwera pamwamba penipeni nkulendewera pa chivindikiro, ndiye mwatiyalira mphasa ya poizoni. Mnzanga wina anataya chikwa chonse chonchi, usiku umodzi wokha onse gada. Chimodzimodzi koyilo, sipuleyi ya mphemvu, nyumba yomwe yangopoperedwa kumene mankhwala a malungo, ndowa yomwe munasungunuliramo mankhwala a tomato, zonsezo kutali. Mdani wina ndi nyerere, zimaboola chikwa ndipo tiana tongoswa kumene zimatinyamula ngati nyenyeswa za buledi. Ine botolo ndimalikhazika mu mbale ya madzi ngati mmene timatetezera shuga.

Chinyezi ndi pomwe anthu amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Kukauma kwambiri mazira amafota kapena ana amakanirira pakhomo osatha kutuluka, kukanyowa kwambiri chikwa chimachita chuku. Nthawi ya mvula ine sindithira chilichonse, mpweya wokha umakwana. Nthawi ya chilimwe ndimawaza timadzi pang'ono mmbali mwa botolo ndi pa tishu kawiri kapena katatu pa sabata, osati pa chikwa penipeni, ndipo ndikabwera madzulo ndikufuna ndipeze mwauma. Mukaona madontho akhala pa galasi tsiku lonse ndiye kuti mpweya ukuchepa. Kutentha kwabwino ndi cha pakati pa madigiri 24 ndi 28, koma dzuwa lisawombe botolo, pulasitiki pa windo masana a Okutobala ndi uvuni, ola limodzi lokha mwaphika.

Kenako kudikira. Palibe chizindikiro chodalirika, chikwa chimangokhala duu, ndiye mmawa wina mumangopeza zayambika, nthawi zambiri kumakhala mmawa. Ngati mwapeza mwayi woonerera, ndi chinthu chomwe sindimatopa nacho. Pakamzere paja pamatuluka timitu tachikasu tokhala ndi timaso tiwiri takuda, kenako thupi lonse likudzipotokola ngati mphutsi, miyendo itamangidwa mu kachikopa kopyapyala. Kalikonse kamatsika nkulendewera pa kaulusi kowonda pansi pa chikwa, ndiye timaunjikana pamenepo ngati phava la nthochi zazing'ono likugwedera, ndipo chili cholendewera chomwecho ndi pomwe kamang'amba kachikopa kaja, kusolola miyendo umodziumodzi, tinyanga, kenako nkukwera pa anzake kupita kukaumira pa nthambi. Kulemera kwa thupi lake ndi komwe kumakathandiza kuvula. Nchifukwa chake chikwa chogona pansi chimatulutsa ana opindika miyendo, alibe polendewera, chikopa chimawaumira pathupi. Zija za mu dirowa zija zinafa chonchi. Mitundu yambiri ana onse amatuluka mu ola limodzi kapena awiri, koma ina imatulutsa pang'onopang'ono masiku angapo, ndiye chikwa chisiyeni pomwepo sabata ina. Nthawi imeneyi musagwedeze botolo, musawaze madzi, musathandize kalikonse ndi chala ngakhale kakuoneka ngati kakuvutika.

Tsiku loyamba tianato sitidya, thupi ndi kamwa zimakhala zisanalimbe. Chomwe timafuna ndi madzi, ndiye tikauma nkuyamba kuthamanga wazani timadontho tosalala kwambiri mmbali, muona tikuweramira kumwa. Mbale ya madzi musaike, ngakhale dontho lalikulu limodzi limakwana kumiza kamwana, kamamatirira nkulephera kudzuka. Kuyambira tsiku lachiwiri njala yayamba, ndipo apa mpomwe munthu wosakonzeka amagwidwa, chifukwa chiswambiya chimadya chokhacho chomwe chikuyenda, nyenyeswa za nsima kapena kachilombo kakufa sichiyang'anako, komanso chakudyacho chikhale chocheperapo kuposa icho. Kamwana kosakwana ndi sentimita imodzi mukapatsa chani?

Yankho ndi timantchentche tija timaunjikana pa nthochi yowola kapena pa makoko a mango. Tiwetereni chikwa chisanaswe. Ponyani nthochi yakupsa kwambiri mu botolo lina, lisiyeni lotsegula kukhitchini masiku awiri kuti tilowe tiikire, kenako mangani kansalu. Kukafunda, kuchoka pa dzira kufika pa ntchentche youluka ndi masiku 10 okha, ndiye mukamayambitsa botolo latsopano sabata iliyonse simusowa. Kuti mutisamutse osathawa, apa ndiye pokhapo pomwe filiji ili ndi ntchito kkkk, ikani botolo la ntchentche mmenemo mphindi zochepa tizizidwe tileke kuuluka, nkutikhutulira kwa ana, tikafundidwa tiyambanso kuyenda nkugwidwa. Opanda magetsi ingoikani kachidutswa ka nthochi ya mphutsi mu kachivindikiro pansi pa botolo la ana, ntchentche zizitulukira momwemo, bola muzisintha chisanachite chuku. Nsabwe za mmasamba nazo ndi ndiwo yabwino, thyolani tsamba la mpiru kapena khobwe lomwe ladzaza nazo nkuliika momwemo, koma likhale la pakhomo lomwe mukudziwa kuti silinapoperedwe, la kumsika ayi.

Ngakhale muwadyetse chotani adzadyana. Si nkhanza, kwa chiswambiya chilichonse choyenda chomwe chingagwirike ndi ndiwo, kaya ndi mbale wake wa chikwa chimodzi. Mukasiya 150 mu botolo limodzi masabata atatu mupeza mwatsala ochepa onenepa bwino. Ndiye ganizirani pasadakhale. Ine ndimatulutsa pafupifupi onse tsiku lachiwiri, ndimasunga asanu kapena asanu ndi mmodzi basi, chifukwa kudyetsa ana 100 aliyense mu kapu yake ndi ganyu yopanda malipiro ndipo muzagonja sabata yachiwiri. Potulutsa pitani komwe munatola chikwa kapena pa zitsamba zowirira, mmawa kusanatenthe kapena madzulo, ndipo musakhutule malo amodzi, gwedezerani pang'ono apa pang'ono apo, pamasamba osati pansi pomwe pali mzere wa nyerere. Dziwani kuti ambiri adyedwa ndi akangaude, abuluzi, mbalame, nchifukwa chake mayi wawo amaikira ochuluka chotero. Mukadzaona ziwiri zitatu zazikulu pa mpanda miyezi ikubwerayo ndiye kuti zayenda.

Omwe mwasunga, aliyense kapu yake, kansalu pamwamba, kamtengo mkati. Chiswambiya sichidutsa mu mphutsi ndi chikwa ngati gulugufe, kamwana kamakhala kale ngati mayi wake kungoti kalibe mapiko, ndiye kamakula pofundula ngati njoka, kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi kanayi kutengera mtundu, zazikazi nthawi zambiri zimafundula kamodzi kuposa zazimuna. Kufundula kulikonse ndi ngozi yofanana ndi tsiku loswa lija. Kamaleka kudya tsiku limodzi kapena awiri, kamazondoka pa kansalu, chikopa nkung'ambika pamsana, nkusolokamo chotsika. Ndiye kapu italike katatu kutalika kwa thupi lake kuti kasagunde pansi, ndipo mukaona kakukana chakudya chotsani chiwala chilichonse chomwe mwaikamo, chifukwa kachiwala kamodzi kongodumpha kakhoza kukagwetsa kali pakati povula nkulumala mpaka kalekale. Kakamakula chakudya chimakulanso, ntchentche za mnyumba, tiziwala, agulugufe ausiku a pa getsi, nthawi ya ngumbi ndiye phwando. Kudziwa chachimuna ndi chachikazi werengani timagawo ta mimba chapansi kakakulako, chachikazi 6 chachimuna 8. Mapiko amabwera pa kufundula komaliza, ndipo kuchoka apo kwatsala miyezi yochepa, moyo wonse nthawi zambiri sudutsa chaka. Mukamakayang'ana nako kamatembenuza mutu kukuyang'anani, ndipo kamaonadi kutalika kwa chinthu ndi maso awiri ngati ife, ku Newcastle University ku Britain anachita kumata timagalasi ta 3D ndi phula la njuchi pa Sphodromantis lineola, mtundu wa ku Africa konkuno, nkumaionetsa makanema kuti atsimikize, zotsatira anatulutsa mu 2016.

Funso lomwe aliyense amandifunsa ndi loti ndiye zingandithere mbozi mmunda? Ku America zikwa amagulitsa mmashopu a mbewu ndi lonjezo limenelo, koma ine ndimati ayi, musadalire. Chiswambiya sichisankha, chimakhala pa duwa nkugwira chilichonse chafika, njuchi yomwe ikukuthandizani pa maungu, gulugufe, ngakhale tizilombo tomwe timadya nsabwe za mmasamba. Sichisaka gulu, chimadya pang'ono patsiku, ana amabalalika ndi kudyana, ndipo mbozi ija inatisautsa kuyambira 2016 ndi 2017 imabisala mkati mwa nsonga ya chimanga komwe icho sichilowa. Zikuluzikulu zimafika pogwira mbalame, kafukufuku wa mu 2017 wa Martin Nyffeler ndi anzake anasonkhanitsa nkhani 147 zotere kuchokera mmaiko 13, zambiri za ku America komwe zimagwira timbalame toyamwa maluwa totchedwa hummingbird. Kukhala nazo pa dimba ndi chizindikiro chabwino choti simukupopera mopyola muyeso, koma si mankhwala.

Ndipo za kuitanitsa zikwa kunja pa intaneti, kaya muli ku Lilongwe kaya ku Joni kaya ku UK, ngati mwagula mtundu wachilendo usatuluke mu botolo. Cha ku China chija chinafika ku America mwangozi mu 1896 ndi mbande za mitengo pafupi ndi Philadelphia, lero chili ponseponse kummawa kwa dzikolo. Chitsanzo chowawa ndi cha kachiswambiya ka ku South Africa, Miomantis caffra, komwe kanapezeka ku Auckland ku New Zealand mu 1978. Dzikolo linali ndi mtundu wake umodzi wokha, Orthodera novaezealandiae, ndiye zazimuna za mtundu wa komweko zimakopeka ndi fungo la zazikazi zobwerazo kuposa la akazi awo, zikapita kukafunsira zimakadyedwa, ndipo mmatauni ambiri a kumpoto kwa dzikolo chobwera ndi chomwe chachuluka. Chikwa ndi chaching'ono, chimamatirira pa thabwa, pa mpando, pa galimoto, chimayenda ulendo wautali osadya osamwa, nchifukwa chake zimafalikira chonchi.

Pano ndili ndi ziwiri pakhonde. China ndinachidula ndi nthambi ya mpanda wa maluwa masabata atatu apitawo, chinacho chili pa felemu ya windo la kukhitchini ndipo mayi akunyumba alamula kuti chimenecho chisalowe mnyumba, akuti za dirowa zija zinakwana, komanso mbiya yawo ya madzi akumwa anaigula modula. Botolo la nthochi layamba kale kuchita mphutsi.